Malo Amene Besi Imatsimphina

Besi anandipatsa chifukwa ili ndi nsambo zinayi zokha. Gitala inayo ili ndi zisanu ndi imodzi. Mwini zida za bandi anandiyang'ana kumutu n'kunena kuti zisanu ndi imodzi sizingakwanemo. Sindinatsutse. Sukulu ndinalekera Sitandade 6. Ntchito yanga inali yosenza mabelo pa msika wa thonje ku Ngabu, ndiye zala zinali zokhakhala kale.

Inali nthawi ija zipani zitangochuluka. Chipani chilichonse chinkafuna phokoso pamsonkhano wake. Ife tinkaimbira zonse, tinkangosintha malaya. Koma thonje likatha kugulidwa, ntchito yeniyeni inali ya maukwati.

M'bandi tinalimo anthu anayi. Mwini zida anali ndi golosale m'mbali mwa msewu waukulu. Makolo ake anachokera ku Mozambiki, ndipo akakwiya ankalankhula Chisena chokhachokha. Iye ndiye ankaimba pakamwa. Gitala yaing'ono ankaimba telala wa pakhonde pa golosaleyo. Ng'oma zinali za wakabaza wina, munthu wa miyendo yosatopa. Wachinayi ine.

Nyimbo zathuzathu tinalibe. Tinkatenga za eni ake m'makaseti. Anthu sankafuna zatsopano. Ankafuna imene akuidziwa, ndipo iimbidwe mmene akuidziwira.

Anzangawo ankati besi si ntchito. Telala ankakonda kunena kuti ukamangirira mbuzi pa besi, ikamadzikanda nthata, nyimbo yatheka. Nthawi zambiri ankanena zoona. Du, du. Du, du. Umaima kumbuyo, pafupi ndi batire ya galimoto yoyendetsa ampu yokuzira mawu, n'kumaganiza za mapira a kumunda. Nsambo yanga yaikulu inali waya wa buleki ya njinga yamoto. Palibe amene anadandaulapo.

Ine besiyo ndinkaifuna. Pamsika ndinali msana chabe. Pabesi ndinali munthu woti akaleka kuimba, ovina amatembenuka kufuna kudziwa chachitika.

Chaka chimenecho kunabwera nyimbo ina. Kaseti yake anabwera nayo wogulitsa nsomba zouma amene ankaolokera tsidya lina. Inalibe chikuto, dzina linali litafufutika ndi thukuta. Chilankhulo chake palibe ankachimva. Telala ankati ndi cha ku Zaire, wakabaza ankati ndi cha ku Zimbabwe, mwini zida ankangoti si Chisena. Koma nyimboyo inagwira anthu. Mwini zida anali ndi wailesi ya makomo awiri, yojambulira kaseti kuchokera pa inzake. Anagula kaseti ya wansombayo n'kuyamba kujambulira aliyense wobwera ndi yake yopanda kanthu. Kuyambira ku Bangula mpaka kwa Maseya, aliyense amene anali ndi nyimboyo anaitenga pa kaseti imodzi yomweyo.

Tsiku lina masana kunafika mayi wina atafunda ambulera. Anali mphunzitsi wopuma wa kwa Maseya, wezulo ali m'khosi. Mwana wa mchimwene wawo ankakwatiwa pakatha milungu inayi.

"Akwati adzalowa ndi nyimbo ija," anatero mayiwo. "Operekeza alipo khumi ndi awiri. Masitepe ndikuwaphunzitsa ndekha tsiku ndi tsiku, ndi kaseti imene munandijambulira. Mudzaimbe momwemo. Osawonjezera mchere."

"Pyadidi, mayi," anayankha mwini zida. "Imene ija ndi yophweka."

Anandiyang'ana, ine n'kugwedeza mutu. Ndinali nditaimva kambirimbiri pagolosale. Besi yake inali mawu anayi ongozungulira. Ndinati ndiigwira tsiku limodzi.

Mawu anayiwo ndinawagwiradi tsiku limodzi. Vuto linali pakati pa nyimbo. Pamenepo woimba amakuwa kamodzi, zida zonse n'kukhala chete, besi n'kutsala yokha. Imazungulira bwinobwino kawiri. Kachitatu imameza phazi limodzi, ngati munthu woponda m'dzenje. Pamamveka kuti kha. Kenaka liwu limatsetsereka pansi, kubuula ngati ng'ombe yokana kulowa m'dibi, n'kubwereranso m'malo mwake. Zikatero zida zonse zimalowa pamodzi. Zonsezi zimatha munthu asanameze malovu kawiri.

Tinkayeserera kuseri kwa golosale, pansi pa mtengo wa nimu. Ndikafulumira, anzanga ankalowa mochedwa. Ndikachedwa, wakabaza ankandiponda ndi ng'oma. Liwu lobuula lija ndinalifunafuna pakhosi ponse pa gitala, kuyambira kumutu mpaka kumimba. Panalibe. Linali penapake pakati pa timizere tiwiri, pamene chala sichikhala.

"Kunja kuli anthu," anatero telala atamvetseranso kasetiyo. "Ameneyu ali ndi chala chachisanu ndi chimodzi."

"Si chala," anatero wakabaza. "Anasambira mankhwala. Zinthu zotere sungoziimba ndi manja okha."

"Kaya anasambira kaya sanasambire," anatero mwini zida, "ukwati uli pa Loweruka lachinayi."

Ndinabwereka kawailesi ka mlamu wanga, mwini zida n'kundijambulira kaseti yangayanga. Ndikaweruka ku thonje ndinkakhala pakhonde, besi pamiyendo, yopanda ampu. Ndinkamvera malo omwewo, kutulutsa kaseti, kubweza lamba ndi bolopeni kuti ndisunge mabatire, kubwezeramo, kumveranso. Mabatire akayamba kufooka nyimbo inkatsika n'kumayenda mwaulesi. Ndinkawayanika padenga la malata. Dzuwa kwathu silisowa. Ndikawabwezeramo nyimbo inkakweranso, koma osafika pamene inali poyamba. Motero malo amene aja ndinawaphunzira katatu: pa mabatire atsopano, pa ofooka, ndi pa oyanika. Konseko ndinalephera.

Kuwerenga ndi mutu kutandikanika ndinayamba kuwerenga ndi mapazi. Lamanzere, lamanja, lamanzere, kudumpha, kunyonyomala pang'ono, kudzuka. Ndinkayenda nazo popita kuntchito ndi pobwerera. Patapita masiku mwendo unayamba kuchita wokha. Ndinkatha kusenza belo, kuyenda bwinobwino kupita ku sikelo, mwadzidzidzi kudumpha, kunyonyomala. Kalaliki wa pasikelo anandifunsa ngati ndalasidwa ndi minga. Ndinati ayi. Anati ndiye ndisamavine ndi thonje la eni.

Amayi a kunyumba anapirira mlungu umodzi ndi theka.

"Abambo, mwendowo watani?"

"Palibe."

"Kumjigo akunena kuti mwaponda pamene anatchera. Amayi anga akuti kuli munthu ku Chiromo amene amazichotsa."

"Ndi besi."

"Besi imalowa m'mwendo?"

"Imeneyi yalowa."

Lamulungu anakapereka dzina langa kutchalitchi kuti andipempherere pamodzi ndi odwala.

Itatsala milungu iwiri, tinayesa kasanu ndi kanayi pansi pa nimu paja, ndipo kasanu ndi kanayi tinagwera m'dzenje lomwelo. Mwini zida anaika maikolofoni pansi.

"Nkhabe," anatero. Anapitiriza m'Chisena kwa nthawi, nkhuku zonse n'kuthawa. Atapuma anabwerera ku Chichewa. "Ku Nchalo kuli munthu. Amaimba besi m'bandi ya ku esiteti ya nzimbe. Loweruka likubwerali ndamuitana. Akaigwira iye iwe usanaigwire, malo ndi ake. Iwe uzisenza masipika. Msana uli nawo."

Ndinati chabwino. Sichinali chabwino.

Lachinayi la mlungu umenewo ndinkakunga nsambo pakhonde. Ndinakhudza waya wa buleki uja, ndipo ukadali kulira ndinapotokola kachitsulo kake kokungira, kaja ka kumutu kwa gitala. Unabuula. Ng'ombe ija yeniyeni. Ndinabweza kachitsuloko, liwu n'kukweranso m'malo mwake.

Ndiye katswiri wakunja uja amatero, ndinaganiza. Amasiya khosi la gitala nyimbo ili pakati, n'kukagwira kumutu. Ndinamulemekeza kwambiri munthu ameneyo.

Ndinalemba kachizindikiro ndi choko pamene kachitsulo kayenera kubwerera. Kha uja ndinamupeza pomenya waya ndi mphete yanga ya ukwati, ya mkuwa. Phazi lomezedwa linali kale m'mwendo. Zinatsala n'kuzilumikiza zitatuzo: mwendo, mphete, kachitsulo. Lachisanu sindinapite ku thonje. Pofika madzulo ndinkati ndikayesa kakhumi, kasanu ndi kawiri zinkatheka. Amayi a kunyumba anatulukira pazenera kufunsa kuti ng'ombe yalowa m'bwalo ndi ya ndani.

Loweruka munthu wa ku Nchalo anatsika minibasi atavala nsapato zoyera. Ku Ngabu, mwezi wa fumbi, nsapato zoyera. Besi yake inali m'chikwama cha zipi. Atatsegula tinaona kuti ili ndi nsambo zisanu. Mwini zida anandiyang'ananso kumutu.

Anali munthu waulemu, zimenezo sindingamunamizire. Anatipatsa moni aliyense ndi manja awiri. Anati nyimboyo akuidziwa, amaiimba kukalabu ya ku esiteti, palibe chifukwa chomveranso kaseti. Analumikiza gitala yake ku ampu, wakabaza n'kuwerenga, nyimbo n'kuyamba.

Ankaimba bwino. Mawu anayi omwe aja, koma ake anali ngati asitidwa. Mwini zida anakuwa, zida n'kukhala chete, besi n'kutsala yokha. Inazungulira kamodzi, kawiri, katatu, kanayi. Sinaponde m'dzenje. Panalibe kha, panalibe ng'ombe. Telala ndi wakabaza analowa pamodzi osaganiza n'komwe, koyamba m'milungu itatu, ndipo anayang'anizana ngati anthu otola chikwama panjira.

Nyimbo itatha ndinati, "Mwadumpha malo."

"Malo ati, achimwene?"

"Potsimphina."

Sanamve. Ndinatenga besi yanga, ndinalumikiza, ndinauza wakabaza kuti ayambire pafupi ndi pokuwa. Ndinazungulira kawiri. Mwendo unadumpha, mphete inati kha, dzanja linathamangira kumutu, ng'ombe inabuula n'kubwerera pachoko. Zinatheka bwinobwino, pamaso pa anthu, koyamba. Ndinaima kudikira.

Wa ku Nchalo anayamba ndi kumwetulira. Kenaka anaseka mpaka anakhala pa kireti ya mabotolo. Atapukuta misozi anapempha kaseti yeniyeni, imene ena onse anajambulapo. Mwini zida anakaitenga m'golosale. Anapemphanso bolopeni. Anazungulitsa lamba pang'onopang'ono akuyang'ana pakamwa pa kasetiyo, mpaka anaima.

"Bwerani muone."

Tinawerama tonse. Lamba anali wodulidwa n'kulumikizidwanso ndi penti wofiira wa zikhadabo. Kutsogolo kwa pomatapo anali wopyapyala, wamakwinya, ngati matumbo a nkhuku.

"Wailesi ina inamutafuna," anatero. "Mwini wake anadula potafunidwapo n'kumata. Phazi lanu losowa lija linatayidwa ndi sizasi. Kha ndi pentiyu. Kubuulako ndi lamba wotamuka, dzuwa lanu lino. Pepani achimwene, milungu itatu mwakhala mukuphunzira bala."

"Ine ndinkadziwa," anatero telala. "Palibe munthu angaimbe choncho."

"Munati ali ndi chala chachisanu ndi chimodzi," ndinatero.

"Ndinkangocheza."

Wakabaza sananene za kusambira. Anayamba kumanga chingwe cha ng'oma chimene sichinamasuke.

Mwini zida sanachedwe. Malo anapita kwa wa ku Nchalo, ine masipika. Anandipatsanso udindo wina: waya wa pabatire unkakonda kuvuka, ndiye pa ukwati ndidzakhale pansi n'kumaugwira. Za mayi a wezulo palibe anaganiza. Nanenso sindinaganize. Ndinali ndi manyazi okwanira tsiku limenelo.

Mlungu wotsalawo ndinabwerera ku mabelo. Mwendo sunamve kuti ntchito yatha. Unkadumphabe.

Tsiku la ukwati tinakweza zida zonse pa lole ya thonje. Besi yanga inapita nawo chifukwa inkagona m'chiguduli chimodzi ndi miyendo ya maikolofoni, ndipo palibe anafuna kumasula. Madyerero anali pabwalo la sukulu ina kwa Maseya, masana dzuwa lili paliwombo. Anamanga chisakasa cha masaka cha akuluakulu, ena onse anadzaza pansi pa mitengo. Ndinatsitsa masipika, ndinawaimika, ndinakhala pansi pafupi ndi batire, waya m'manja.

Operekeza anandanda mizere iwiri kumapeto kwa bwalo, akazi madiresi obiriwira, amuna mataye obiriwira. Akwati kumbuyo kwawo. Mayi aja anaima pambali, ambulera kumanzere, wezulo pakamwa. Analiza kamodzi, bandi n'kuyamba.

Anaphunzitsidwa bwino anthu aja. Mapazi makumi awiri ndi anayi ankagwa ngati limodzi. Fumbi linkakwera mofanana mbali zonse ziwiri. Anafika pakati pa bwalo nthawi imene mwini zida anakuwa. Zida zinakhala chete, besi ya nsambo zisanu n'kutsala yokha. Kamodzi. Kawiri.

Kachitatu onse khumi ndi awiri anadumpha, anaomba m'manja kamodzi, n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono manja atatambasula. Besi sinatsike nawo. Inangopitirira, du, du, ngati basi yosaima pa siteji. Akutsogolo anazindikira n'kuima ali chinyonyomalire. Akumbuyo anadzuka kuthamangira nyimbo n'kuwagwera. Mkwati anaponda chophimba kumutu cha mkwatibwi, mutu wa mkwatibwi n'kubwerera m'mbuyo.

Wezulo analira katatu.

"Mwaimba chiyani pamenepa?" anafunsa mayiwo. Sanakweze mawu. "Bwererani nonse. Tiyambirenso."

Anabwerera kumapeto kwa bwalo. Kachiwiri ndinayang'ana anthu a m'chisakasa. Pofika malo aja madoda okhala pamipando anatsitsa mapewa onse pamodzi, amayi a pansi pa mitengo chimodzimodzi, abusa omwe. Bwalo lonse linatsika kufuna ng'ombe ija, ndipo ng'ombe kunalibe. M'mizere munagwa anthu atatu. Kumbuyo kwanga wina anati, "Bandi iyi nyimbo siyiidziwa." Mnzake anati, "Ndi wansapato zoyerayo. Akudula."

Mayi aja anayenda mpaka pamene panali zida. Wa ku Nchalo anavula chipewa.

"Mayi, pepani," anatero. "Kaseti imene munkaphunzitsira ndi yowonongeka. Nyimbo yeniyeni ilibe zimenezo. Mmene ndaimbiramu ndi mmene eni ake anaimbira."

"Mwanawe, kwanu n'kuti?"

"Ku Nchalo, mayi."

"Kaseti yanga ndi yowonongeka. Ya abusa?"

"Nayonso, mayi."

"Ya kwa mkwati, ku Bangula?"

"Zonse zinachokera pa imodzi."

"Ndiye zonse zikugwirizana," anatero mayiwo. "Wosiyana ndiwe wekha. Imba mmene tikuidziwira."

Mayiwo anaitanitsa kawailesi kawo. Wa ku Nchalo anakaika kukhutu, anamvera, anabweza, anamveranso. Anayesa. Phazi analimeza msanga. Anayesanso, analimeza mochedwa. Liwu lobuula analifuna pa nsambo yoyamba mpaka yachisanu, chala chikukwera ndi kutsika. Ine ndinkadziwa kumene akupita. Ndinali nditapitako. Thukuta linayamba kugwera pa nsapato zija.

"Liwu limeneli pagitala palibe," anatero.

Nthawi yonseyi mkwatibwi anali chiimire padzuwa. Ufa wa kunkhope unali utayamba kutsetsereka kulowa m'khosi. Azibambo a kuchimuna anayamba kuyang'ana mawotchi.

"Chabwino," anatero mayi aja kwa mwini zida. "Lumikizani kawailesi kanga ku masipika anuwo. Alowa ndi kaseti. Inu mukhale pansi muziona."

Bandi yoti pa ukwati yalowedwa m'malo ndi kawailesi ka mabatire anayi siitanidwanso kwina. Mwini zida ankadziwa zimenezo. Ananena mawu awiri atatu m'Chisena, osauza munthu. Kenaka anabwera kumene ndinakhala n'kunyonyomala pafupi nane. Zaka zonsezo ankanditchula kuti iwe.

"Achimwene," anatero.

"Ndagwira waya."

"Wayawo agwira a ku Nchalo."

Ndinamasula chiguduli. Nsambo zinali zitakhwefuka ndi kugwedezeka kwa lole, ndipo choko chinali chitafufutika. Ndinakunga. Ndinafunsa ngati pali amene ali ndi choko. Mayi aja anatsegula chikwama chawo n'kutulutsa chidutswa, osafunsa kuti n'chachiyani. Mphunzitsi sapuma kwenikweni. Ndinalemba kachizindikiro kanga. Wa ku Nchalo anayala mpango pafumbi, anakhalapo, anagwira waya wa batire ndi manja awiri.

"Mundidikire mpaka ng'ombe ibwerere," ndinauza telala ndi wakabaza. "Yang'anani mwendo."

Wezulo analira. Mawu anayi aja ndinawaimba osaganiza za mapira. Mizere inayandikira, fumbi likukwera. Mwini zida anakuwa. Kunati zii. Ndinatsala ndekha ndi anthu onse a pabwalo.

Kamodzi. Kawiri.

Mwendo unadumpha wokha, ndipo anthu khumi ndi awiri anadumpha nawo. Mphete inagunda waya nthawi imodzi ndi manja awo. Ndinagwira kachitsulo n'kupotokola. Waya wa buleki unabuula m'masipika onse awiri, operekeza akutsika, manja ali tambasu, madoda a m'chisakasa akutsika, abusa akutsika. Ndinabweza pachoko. Anadzuka. Telala ndi wakabaza analowa pamodzi.

Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Akwati anafika pa mipando yawo palibe wopondedwa. Mayi aja sanamwetulire, koma anachotsa wezulo pakamwa n'kumusiya alendewere.

Masana amenewo nyimboyo tinaiimba kasanu. Anthu sankafuna ina. Kachinayi ndinapitirira choko pang'ono, ng'ombe n'kubwerera yokwera, koma palibe anagwa.

Tikulongedza, wa ku Nchalo anabwera akukuntha fumbi kumatako.

"Achimwene, kumapeto kwa mwezi tili ndi ukwati ku Bangula," anatero. "Kumenekonso kaseti ndi yomweyi?"

"Yomweyi."

"Mungandiphunzitse?"

"Yambani ndi mwendo," ndinatero. "Milungu itatu. Akazi anu muwauziretu."

Mwini zida sananene chilichonse za malo anga, tsiku limenelo ngakhale lina lililonse. Koma masipika anakweza pa lole ndi telala ndi wakabaza. Ine ndinakwera ndi besi pamiyendo. Telala anati msana wake si wa zimenezi. Ndinamuuza kuti amangirire mbuzi.

Tinaimba nyimboyo zaka zingapo, m'maukwati ndi m'misonkhano ya zipani zonse. Tsiku lina ndili m'minibasi yopita ku Nsanje anaiika pa wailesi ya dziko lonse, yeniyeni, yosadulidwa. Itadutsa malo aja osatsimphina, mayi wina wonyamula dengu la masau anadandaula kuti anthu a kuwailesi masiku ano akuononga nyimbo. Minibasi yonse inavomereza. Mwendo unali utadumpha kale pansi pa mpando.

Kaseti yeniyeni ija inatafunidwanso patapita miyezi ingapo ukwati utachitika, chakumapeto kwa nyimbo, pamenenso besi imamveka kwambiri. Ndinalipo pagolosale. Mwini zida anasolola lamba m'wailesi, anatenga sizasi ya telala, n'kutumiza uthenga kwa akazi ake kuti abweretse penti wa zikhadabo. Panja panali anthu awiri akudikira ndi makaseti awo opanda kanthu.

"Ndipatseni ndikakonzere kunyumba," ndinatero. "Kuno kuli fumbi."

Anandipatsa. M'mawa mwake ndinamuuza kuti mbuzi yadya.

Ili m'chitini pamwamba pa khoma mpaka lero, lamba ali panja. Bala limodzi linandikwanira.